America ndi Maiko Akunja: Tikayang'ana Tiri pa Namitete

Awa ndi mau amene analankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma pa msonkhano wa maphunziro ku Namitete, m'boma la Lilongwe.



Pamene ndinauzidwa kuti ndidzalankhule za tsogolo la ubale wa dziko la America ndi maiko ena, mnzanga wina anandiseka. Anati: "Za ku Washington mukazinene pa Namitete? Anthu kumeneko mtima wao uli pa feteleza." Ndinamuyankha kuti Washington ali pafupi ndi Namitete kuposa m'mene iye aganizira, pakuti munthu wopalasa njinga kuchokera pano akhoza kukaona ntchito za mzinda umenewo dzuwa lisanatenthe. Angofika pa Chileka, nayang'ana mseu wolowera ku Malingunde.

Tsono ndiyambire pa mseu umenewo. Mu September 2022, ku Washington, Boma la Malawi linasainirana pangano ndi bungwe la Boma la America lotchedwa Millennium Challenge Corporation, mwachidule MCC. Panganoli linali la madola 350 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linali la miseu inai ya kumidzi, yoti mlimi azifika msanga ndi mbeu zake ku msika. Umodzi mwa miseuyo ndiwo wathuwu, wochokera pa Chileka, kudzera ku Malingunde, kukatulukira ku Likuni. Ndalamazi zinali mphatso, zopanda kubweza. Koma sizinangogwa ngati mvula. Chikhazikitsidwire mu 2004, bungwe la MCC limayamba laliyesa dziko pa zinthu monga kulimbana ndi ziphuphu, ufulu wa anthu, katemera wa ana ndi maphunziro a atsikana, ndipo dziko lolephera mayeso kawirikawiri silipatsidwa pangano lotere. Ife tinayesedwa, ndipo tinakhoza. Pangano loyamba, la magetsi, la madola 350.7 miliyoni, tinali titalimaliza kale mu 2018. Mawaya akuluakulu ochokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma ndiwo umboni wake. Panalibe chifukwa chokaikira. Mlimi wa soya ndi mtedza wa kwa Kalolo ndi kwa Masumbankhunda anayamba kuwerengera tsiku limene galimoto idzaleka kutitimira m'matope a February.

Mu 2025, utsogoleri utasintha ku America, makontrakiti a miseuyo anathetsedwa.

Ndikupemphani kuti muone kusiyana kwa zimenezi ndi zimene zinachitika kale. Pangano la magetsi lija nalonso linaimitsidwapo, anthu ataphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, ndipo linabwezeretsedwa mu June 2012. Nthawi imeneyo chifukwa chinali kwathu kuno, ndipo tinadziwa choyenera kukonza. Ulendo uno palibe amene ananena kuti Malawi waphwanya pangano. Chifukwa chinali kwao komweko: anthu a ku America anavota, boma latsopano linaona zinthu mwa mtundu wina, ndipo mseu wa ku Malingunde unakhalabe wa fumbi. Makolo athu anaonera patali ponena kuti fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ngwa mphepo.

Nkhani yanga yonse lero yagona pamenepa, Amayi ndi Abambo. America sakusowa zida za nkhondo, sakusowa chuma, sakusowa anthu ophunzira. Chimene chiri pa chiyeso m'zaka zikubwerazi ndicho kulemera kwa mau ake. Kodi dziko lina lingamange nyumba pa lonjezo la America, podziwa kuti lonjezolo likhoza kutha pa tsiku lolumbiritsa Prezidenti wina?

Kuti timvetse chifukwa chake ziri chomwechi, tiyenera kudziwa pang'ono m'mene boma lao liyendera. Malamulo akulu a dzikolo amanena kuti pangano lenileni ndi dziko lina liyenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a Nyumba ya Senate, ndiye kuti aphungu 67 mwa 100 ngati onse alipo. Koma zipani zao ziwiri, Republican ndi Democrat, zagawikana kotero kuti kupeza aphungu 67 ogwirizana pa nkhani yaikulu nkovuta kwambiri. Pa chifukwa ichi Aprezidenti ao azolowera kuyendetsa zinthu ndi malamulo amene amangosaina okha. Chimene cholembera cha munthu mmodzi chamanga, cholembera cha wotsatira wake chimamasula. Taonani pangano la ku Paris la kusintha kwa nyengo. America analowamo mu 2016 pa nthawi ya Barack Obama, anatuluka mu 2020 pa nthawi ya Donald Trump, anabwereramo mu 2021 ndi Joe Biden, ndipo mu January 2025 Trump anasainanso zotuluka. Pangano la zida za nyukiliya ndi dziko la Iran linasainidwa mu 2015 ndipo America analisiya mu 2018. Ngakhale bungwe la zaumoyo la WHO, limene America anathandiza kukhazikitsa mu 1948, analamula zotulukamo pa tsiku loyamba la boma latsopano. Prezidenti wao amasankhidwa zaka zinai ziri zonse, ndipo aphungu a Nyumba ya Oimira Anthu zaka ziwiri ziri zonse. Koma pangano la miseu la MCC limafuna zaka zisanu, ndipo mgodi umafuna zaka 25 kapena kuposa.

Musaganize kuti khalidweli layamba dzulo. Dziko la America lakhala ndi mitima iwiri chiyambire kubadwa kwake. George Washington, potsazika pa udindo mu 1796, anachenjeza anthu ake kuti asadzimangirire ku mapangano osatha ndi maiko ena. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Prezidenti Woodrow Wilson ndiye analimbikira kuti pakhale League of Nations, koma Senate ya kwao komweko inakana kulowamo. Umenewo ndiwo mtima woyamba, wofuna kutseka chitseko. Mtima wachiwiri ndi umene unamanganso Ulaya ndi ndalama za Marshall Plan kuyambira mu 1948, ndi umene unachititsa John F. Kennedy kukhazikitsa Peace Corps ndi USAID mu 1961. Mitima iwiriyi imasinthana, ndipo palibe umene unafa.

Ife Amalawi mtima wachiwiriwu tiudziwa bwino, ndipo kungakhale kusayamika kuubisa. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo pobwerera mu 1900 anthu akuda a mpingo wa Baptist a kumeneko ndiwo anamthandiza kumanga misyoni yake ku Mbombwe. Dr H. Kamuzu Banda anatenga digiri ku University of Chicago mu 1931 ndi udokotala ku Meharry mu 1937. Achinyamata a Peace Corps anafika kuno mu 1963, dziko lisanalandire ufulu, ndipo ambiri a msinkhu wanga anaphunzira masamu ndi sayansi m'manja mwao. Achikulire mukumbukira nyimbo ya Ufa wa Mtedza imene inkamveka pa wailesi. Anaipeka ndi mmodzi wa iwo, Jack Allison, pofuna kuti amai azithira nsinjiro m'phala la ana. Koleji ya zaulimi ya Bunda, m'boma lathu lomwe lino, ndi Polytechnic ku Blantyre zinamangidwa ndi chithandizo cha America.

Komatu zonsezi sizinachitike chifukwa cha chifundo chokha. Inali nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, umene unkatchedwa nkhondo ya mau, ndipo dziko liri lonse la mu Africa lokana chikomyunizimu linali la mtengo wapatali. Soviet Union itagwa mu 1991, mtengo wathu unatsika. Mu May 1992 maiko otithandiza, kuphatikizapo America, anakumana ku Paris naimitsa chithandizo chonse kupatula cha pa mavuto ogwa mwadzidzidzi, kufikira nkhani za ufulu wa anthu zitakonzedwa. Chotsatira chake inali riferendamu ya pa 14 June 1993. Sindinabwere kudzaweruza zaka zimenezo. Ndingofuna muone kuti Boma limene iwo ankaligwira chanza mu 1985 ndi lomwelo limene analifulatira mu 1992. Chimene chinasintha kwambiri pakati pa zaka ziwirizo chinali ku Moscow.

Tsopano tibwere ku chaka cha 2025, chimene anzathu a zaumoyo sadzachiiwala. Pa 20 January analamula kuti chithandizo chonse cha ku maiko akunja chiime kwa masiku 90. Mu March, Nduna yao yoona za maiko akunja, Marco Rubio, inalengeza kuti ntchito 83 mwa 100 ziri zonse za USAID zathetsedwa, ndipo pa 1 July bungwelo linatsekedwa, zotsala zake nkuperekedwa ku unduna wa Ndunayo. Malawi ankalandira kuchokera ku America ndalama zoposa madola 350 miliyoni pa chaka, zambiri za izo za zaumoyo. M'dziko muno muli anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira mu 2004. Pano pali mfundo imene ambiri saizindikira. Mapiritsi enieniwo, ambiri a iwo amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba limene America wakhala akuponyamo zochuluka kuposa dziko lina liri lonse. Ndalama za PEPFAR, ndondomeko imene George W. Bush anayambitsa mu 2003, zinkalipira zimene siziwoneka: makina a m'labotale, njinga zamoto zonyamula magazi okayezedwa, makalaliki osunga kaundula wa odwala, ndi aphungu otsatira munthu amene wasiya kumwa mankhwala. Botolo likhoza kukhala pa alumali, koma ngati wonyamula magazi wachotsedwa ntchito, dokotala ali kugwira ntchito mu mdima. Aliyense amene anaimapo pa mzere ku chipatala cha St Gabriel's pano pa Namitete, chimene chakhala chikutumikira dera lino kuyambira mu 1959, kapena ku Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma, adziwa kuti nkhani iyi iri ndi nkhope za abale athu.

Chilungamo chifuna kuti timve mbali yaonso. Ngongole ya boma la America inapitirira madola 38 thiriliyoni mu October 2025, ndipo chiongoladzanja chokha chafika poposa ndalama zimene amaononga pa asilikali. Anamenya nkhondo ku Afghanistan zaka 20, kuyambira mu 2001 mpaka mu 2021, natulukako atasiya dzikolo m'manja mwa anthu omwewo amene anapita kukawachotsa. Mlimi wa chimanga wa ku Iowa, amene nayenso ali ndi ngongole ya thirakitala, amafunsa chifukwa chake msonkho wake ukagule masikito ku Mpingu. Yankho lake liripo, pakuti chithandizo chonse cha kunja chinali pafupifupi 1 peresenti yokha ya bajeti yao, ndipo matenda sadziwa malire a dziko. Koma wovota ndi iyeyo, ife sitivota kumeneko. Ndiponso mbali ina ya chitonzo chao ndi yoona. Mu 2001, ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti zao ku zaumoyo, ndipo ndi ochepa okha amene anafikapo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atatsina mopweteka.

Mtima wachiwiri uja sunazime ndithu: mu July 2025, pamene Congress inkadula ndalama za kunja, aphungu a Senate anakana kuchotsa madola 400 miliyoni a PEPFAR. Koma njira yasintha. Ndondomeko yao yatsopano ya zaumoyo, imene inatuluka mu September 2025, imafuna kuti dziko liri lonse lisainirane pangano lakelake ndi America, ndipo chaka ndi chaka lizionjezera ndalama zake pamene za America zikuchepa. Kenya ndiye anayamba kusaina mu December 2025, maiko ena nkutsatira. Anzanga a ku Treasury amvetse: tsiku lolipira tokha lalembedwa kale pa pepala.

Ndinene mwachidule za fodya, popeza muno muli alimi ambiri a burley. Pa 1 November 2019 akuluakulu a kasitomu a ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ao chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf, amene eni ake akulu ali ku North Carolina ndi ku Virginia, anamasulidwa mu 2020 atasonyeza m'mene amalondolera alimi ao, ndipo Premium inamasulidwa mu 2021. Chaka chomwecho Nyumba yathu ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa matenanti. Apa America sanatumize msilikali kapena kuononga dola imodzi; anangotseka chipata cha msika wake, ndipo mau ake anamveka mpaka m'zigafa za ku Nsaru. Mphamvu ya mtundu umenewu ali nayobe, ndipo ndikhulupirira kuti adzaigwiritsa ntchito kowirikiza m'tsogolo muno, pakuti ndi yotsika mtengo. Koma chipata chimaopsa pokhapokha pamene chimatsegukanso modalirika. Lamulo la AGOA, limene kuyambira mu 2000 linalola katundu wambiri wa ku Africa kulowa ku America popanda msonkho, linapatsidwa zaka khumi mu 2015, ndipo tsiku lake lomaliza, 30 September 2025, linadutsa Congress isanalionjezere. Mwini fakitale yosoka zovala sangagule makina podalira lamulo limene moyo wake ukuwerengedwa ngati wa tomato wa pa msika.

Ndafika tsopano pa nkhani imene ndiiyesa yaikulu koposa kwa ife a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, ndiyo ya China ndi dothi la ku Kasiya.

Mpikisano waukulu wa America m'zaka zikubwerazi ndi China, ndipo pa mfundo iyi yokha zipani zao ziwiri zija zimagwirizana. Ife China timdziwa kuyambira mu December 2007 pamene Malawi anasiya ubale ndi Taiwan. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mseu wa Karonga–Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la Bingu ndi ntchito za ndalama zake, zina mphatso, zina ngongole. Kuyambira mu December 2024 China anachotsa msonkho pa katundu yense wochokera ku maiko osauka amene ali naye pa ubale, kuphatikizapo Malawi, ngakhale kuti zimene timagula kwa iye nzambiri kuposa zimene timamgulitsa. Mpikisanowu ukundikumbutsa zakale. Pamene maiko a azungu anakana kumanga njanji ya TAZARA, China anaimanga pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo America anayankha pothandiza kumanga mseu waukulu wa Tanzania–Zambia. Lero nkhani ibwereza. America waika ndalama pa njanji ya Lobito yopita ku doko la Angola, ndipo Biden anakafika komweko mu December 2024. China wasaina zokonzanso TAZARA mu 2025. Njanji imodzi ikokera kopa wa ku Zambia ndi ku Congo kumadzulo, inayo kum'mawa.

Nanga ife tiri pati? Ku Kasiya, kupitirira Nsaru ndi Kabudula, kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inapeza dothi limene, malinga ndi kuyeza kwake kwa mu 2023, linali lokwana matani 1.8 biliyoni, ndipo muli miyala ya mitundu iwiri. Woyamba ndi rutile, mchenga wolemera umene amapangira utoto woyera ndiponso amayengamo titanium, chitsulo chopepuka koma cholimba chimene ndege zimapangidwa nacho. Palibe malo ena odziwika pa dziko lapansi amene ali ndi rutile wachilengedwe wochuluka chomwechi. Wachiwiri ndi graphite, mwala wakuda wofewa uja uli m'kati mwa pensulo, umene tsopano ukufunika kwambiri m'mabatire a galimoto zoyendera magetsi. Kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula gawo la 15 peresenti la kampaniyo mu 2023, kenaka nkuonjezera. Tsono mverani izi. America sakumba graphite wachilengedwe m'dziko lake. Yense amaitanitsa kunja. China yekha amatulutsa magawo oposa atatu mwa anai a graphite wa pa dziko lonse, ndipo kuyambira mu December 2023 anayamba kufuna chilolezo chapadera potumiza kunja mitundu ina ya mwalawu. Mu 2025 anachita chimodzimodzi ndi miyala ina yosowa imene imafunika m'maginito a zida za nkhondo ndi galimoto, ndipo mafakitale a ku America ndi ku Ulaya ananjenjemera. Miyala yosowa yomweyo iri ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe.

Choncho dziko lomwe lija limene linaona mseu wa ku Malingunde kukhala wosafunika liri ndi njala ya zimene ziri pansi pa minda ya chimanga ya ku Kasiya. Ndipo sakubisa. Chikalata chao cha mfundo za chitetezo cha December 2025 chinanena poyera kuti ubale wao ndi Africa uchoke pa chithandizo upite pa malonda ndi kuika chuma, makamaka pa mphamvu za magetsi ndi miyala yofunika. Pangano la miyala ndi Ukraine linasainidwa mu April 2025. Pangano la mtendere pakati pa Congo ndi Rwanda linasainidwa ku Washington mu June 2025, nkhani ya migodi iri pambali pake, ngakhale mfuti kum'mawa kwa Congo sizinaleke kulira tsiku lomwelo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi anga ndekha, muwayese. America sadzatseka chitseko ndi kugona. Dziko limene liri ndi nkhondo ya ku Ukraine kumbali iyi, mavuto a Israel ndi anansi ake kumbali iyo, ndi nkhawa ya Taiwan kutsogolo, silingathe kugona. Koma amene adzabwera kwa ife sadzakhalanso mphunzitsi wa masamu wa 1963. Adzakhala wamalonda, wa ndipatse ndikupatse, wofuna kukambirana ndi dziko limodzi pa lokha m'malo mwa maiko ambiri pamodzi, pakuti wamng'ono akakhala yekha savuta. M'menemu muli mwai kwa ife, chifukwa wamalonda amakulemekeza ukakhala ndi chimene iye afuna, ndipo kwa nthawi yoyamba tiri nacho. Koma muli vuto kwa iye mwini. Mgodi ndi pangano la mbadwo wathunthu. Dziko limene laona mseu ukuthetsedwa pakati pa ulendo lidzafunsa kawiri lisanapereke dothi lake, ndipo lidzasunga khomo lina lotsegula ku Beijing, ku Tokyo, ku Brussels kapena ku Abu Dhabi. Nonse mudziwa za wogula mbeu amene anatenga matumba pa ngongole chaka chatha osabwereranso: akabwera chaka chino amauzidwa kuti ndalama patsogolo, ndipo mtengo wakwera.

Palinso chuma china chimene America ali kuchiononga mosazindikira, ndicho chikondi cha achinyamata. Kuyambira pa 20 August 2025, Malawi ndi Zambia anakhala maiko oyamba amene nzika zao, popempha visa yokacheza kapena ya bizinesi, zinauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa munthu akabwerako pa nthawi yake. Chifukwa chimene chinaperekedwa nchakuti ena mwa anthu athu amapitirira masiku ao, ndipo amene amachita zimenezi atichititsa manyazi tonse. Koma taganizani za mphunzitsi wa pa sukulu ya ntchito zamanja pano pa Namitete amene waitanidwa ku msonkhano wa sabata imodzi. Madola 5,000 awapeza kuti? Bungwe la United Nations likuyerekeza kuti pofika mu 2050 munthu mmodzi mwa anai ali onse pa dziko lapansi adzakhala wa ku Africa, ndipo lero lino Africa ali ndi mavoti 54 mwa 193 m'bungwelo. Chilembwe ndi Kamuzu anapita ku America ali anyamata osauka, nabwerako akulidziwa dzikolo ndi kulilankhulira. Mnyamata wanzeru wa lero amene chitseko chimenecho chamtsekekera adzaphunzira kwina, ndipo akadzakhala Nduna kapena Mlembi Wamkulu adzaimba lamya kumene anaphunzirako.

Ndisakusiyeni ndi maganizo akuti America watha; amene akunena zimenezo akufulumira. Mafuta a galimoto ndi feteleza amene mnzanga uja ankadandaula timagula ndi dola, ndipo dola ikasowa mizere ya pa filingi siteshoni imafika kumene mukudziwa. Ku IMF America ali ndi mavoti oposa 16 peresenti, okwanira kuletsa yekha chigamulo chachikulu chiri chonse, pakuti chimafuna 85 peresenti. Ndipo mtsogoleri wa World Bank wakhala wosankhidwa ndi America chiyambire. WhatsApp ndi Facebook zimene ziri m'matumba mwanu nza makampani a kumeneko. Dziko lotere sitingalinyoze, ndipo nkupusa kulitukwana pa nsanja pofuna kuomberedwa m'manja. Tiyenera kukhala nalo mwaulemu, monga takhalira kwa zaka zoposa 60, koma maso ali otsegula.

Kwa inu anzanga a m'Boma ndiri ndi pempho limodzi. Ntchito iri yonse yoyendera ndalama za kunja imene ifika pa desiki panu, kaya ndi ya mijigo, ya mbeu zochokera ku Chitedze kapena ya malipiro a alangizi, funsani funso ili musanasaine: wopereka akachoka mwezi wa mawa, adzalipira ndani, ndipo kuchokera pa mzere uti wa bajeti? Yankho lilembedwe pa tsamba loyamba. Tikanachita zimenezi zaka khumi zapitazo, January wa 2025 sakanatipeza tiri m'tulo.

Kwa inu Mafumu ndi atsogoleri a Chipani, nkhani ya ku Kasiya idzafika pa bwalo panu isanafike ku Washington. Pofika kumapeto kwa 2025 kukumba kwenikweni kunali kusanayambe, ndiye kuti nthawi yofunsa ikadalipo. Tiri ndi lamulo la malo a makolo la 2016, lamulo la migodi la 2023, ndipo mu October 2025 Boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosayengedwa. Pemphani kuti malamulo amenewa akuwerengereni m'Chichewa. Funsani kuti banja lochotsedwa pa munda lidzapita kuti ndipo lidzalipidwa motani; kuti madzi otsukira dothi adzachokera mu mtsinje uti, nanga madimba a kumunsi adzatsala ndi chiyani; kuti nthaka ya pamwamba idzabwezedwa liti; kuti ana athu a pa sukulu ya ntchito zamanja adzagwira makina kapena adzangolondera pa geti. Mafunso amenewa ndi amodzimodzi kaya wogula ndi wa ku America, wa ku China kapena wa ku Japan. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Bwana Tcheyamani, mwandiuza kuti ndisiye nthawi ya mafunso, ndipo ndiona kuti ndadyako kale. Mundilole ndifunse loyamba ine, kwa anzathu a ku Khonsolo ya Lilongwe ndi a Roads Authority amene ali muno. Mseu wa Chileka–Likuni unayezedwa ndipo mapulani ake anajambulidwa ndalama zisanaime. Mapulani amenewo ali m'kabati ya yani, ndipo pafunika ndalama zingati za ife eni kuti tiyambe ndi milatho yokha mvula isanagwe?